A Banda Awiri M'basi ya ku Lusaka

Munthu akandifunsa kuti ku Zambia ndinayendako bwanji ulendo woyamba, ndimayamba ndamupezera mpando, chifukwa si nkhani yomvera choimirira.

Ine ndine Mphatso Banda. Kwathu ndi kuseri kwa Msundwe, kumene mvula ikagwa ngakhale akabaza amakana kupitako. Nditakhoza mayeso a folomu 4 ndinakhala kaye pakhomo, kusoka fodya ndi kuswa mtedza, mpaka tsiku lina abusa athu anafika ndi uthenga. Mpingo wina wa ku Lusaka umene timayenderana nawo unali ndi malo amodzi pa koleji yophunzitsa kupima magazi, ndipo dzina langa ndi limene linadutsa. Malo ogona pakolejipo panalibe, koma banja lina la mumpingomo, a Tembo, linavomera kundisunga. Abusa anatsindika chinthu chimodzi: kalembera atsekedwa Lachisanu likamakwana masana, ndipo amene sanaonekere malo ake apatsidwa kwa wina.

Amayi anandilangiza sabata yathunthu. Mwa zonsezo chimene ankabwereza ndi ichi: "Ukakafika usakadikire kuuzidwa ntchito. Anthu akusunga ulele, asakaone ngati tawatumizira mlendo wodzakhala pa sofa. Ndipo za m'nyumba ya eni usakafunsefunse."

Wondiperekeza sitinachite kumusankha, anadzisankha yekha. Amalume anga a Lufeyo, alongo awo a amayi, anagwirapo ntchito pa esiteti ya fodya kufupi ndi Chipata ali mnyamata, ine ndisanabadwe. Chibwerereni kumeneko, nkhani iliyonse yokhudza Zambia m'mudzi mwathu imathera kwa iwo.

"Lusaka ndi pakhomo panga," anatero. "Mwanayu ndikamusiya m'manja mwa a Tembowo ndi manja angawa."

Pambuyo pake ndinadzamva kuti ku Lusakako anali asanapondeko.

Tinanyamuka Lachitatu m'mamawa pa njinga zamoto zitatu. Ina ine, ina amalume atavala jekete yawo ya pa maukwati, yachitatu sutikesi ndi thumba la mtedza limene amayi anakonzera a Tembo. Pa Msundwe tinapeza minibasi ya ku Mchinji itatsala pang'ono kudzaza, woitanira akukuwa kuti watsala munthu m'modzi. Tinalowa awiri, koma munthu m'modziyo anatsalabe. Patapita kanthawi ndinaona kuti aliyense akalowa, mnyamata wina amene anakhala kale ankatsika mwakachetechete n'kukaima pa chipisi. Enieni apaulendo tinalimo ochepa, enawo anali ongotenthetsa mipando.

Pa Namitete tinaima kupakira matumba a kabichi, amene anawakhazika pamiyendo pathu ngati ana. Pa Kamwendo dalaivala anati iye wafika, anatigulitsa kwa minibasi ina, ndipo kumeneko tinayambiranso kudikira munthu m'modzi. Nthawi yonseyi amalume ankandiphunzitsa chiyankhulo cha ku Zambia mokweza, kuti minibasi yonse ipindule nawo.

"Kumeneko, Nabanda, sanena kuti tsopano. Amati manje. Kwambiri amati maningi. Ukangodziwa awiri amenewa palibe angakubere."

Kuchokera pa boma la Mchinji tinakwera kagalimoto kakang'ono mpaka pachipata cha m'malire. Ine zanga zinayenda bwino. Mayi wa pawindo anaona pasipoti yanga yatsopano ndi makalata a kukoleji, anadinda, n'kundifunira mafuno abwino. Kenaka amalume anapisa m'thumba la m'kati la jekete, natulutsa pasipoti yawo atayikulunga m'pepala la shuga. Mayi aja anaitsegula, anayang'ana chithunzi cha mnyamata wa tsitsi lambiri ngati chisa, anayang'ana dazi la amalume, anabwereranso pa chithunzi.

"Bambo, pasipoti iyi inatha kalekale."

"Inatha bwanji? Onani masambawa, onsewa ndi oyera. Ndangogwiritsako awiri okha."

"Sitiwerenga masamba, bambo, timaona chaka. Koma chitupa cha unzika muli nacho? Mwina tione ngati mungathandizike zokafika pa Chipata."

"Chitupa ndasiya. Munthu wa pasipoti ayenderanji ndi chitupa?"

Anayesa kufotokoza za bwana wawo wa pa esiteti uja, anatchula ndi mayina a mafumu a tsidya ilo, koma mayiwo ankangopukusa mutu mwaulemu. Anthu a pamzere atayamba kung'ung'udza, amalume anakulunganso pasipoti yawo m'pepala muja, tinatuluka.

Panja amalume anaima n'kundiyang'ana. Kenaka anandigwira dzanja.

"Nabanda, ndimafuna ndikaone pakhomo pamene uzikagona, kuti mlongo wanga akandifunsa ndikamuuze zoona ndi maso." Anandisiya dzanja. "Pita. Ukakhale bwino ndi anthu."

Ndinayenda ndikukoka sutikesi, mnyamata wa wilibala akundikankhira mtedza, misozi ili m'maso. Nditafika patali ndinamva amalume akukuwa kumbuyo: "Manje! Maningi! Usaiwale!"

Tsidya linalo ndinasintha ndalama. Amalume anali atandiuza kuti kwacha ndi kwacha, koma mpukutu umene unkatupitsa kachikwama kanga unabwerera uli timapepala tochepa moti ndinayang'ana pansi kuona ngati tina tagwa. Takisi ya ku Chipata tinadzazanamo mpaka dalaivala anagawana mpando wake ndi bambo wina, ndipo posintha magiya ankachita kupempha kuti bamboyo asunthe bondo.

Pa depoti ya Chipata ndisanatsike n'komwe, anyamata oitanira anali atagawana kale katundu wanga. Sutikesi inalowera ku basi yofiira, mtedza unalowera ku basi yoyera, ine ndili pakati. Ndinatsata sutikesi chifukwa ndi mmene munali masatifiketi, kenaka ndinakalanda mtedza ndi mawu amene amayi akanawamva sakanakondwera.

"Inyamuka nthawi yanji?" ndinamufunsa kondakitala.

"Manje manje, sisi. Simumvela injini?"

Injini inkaliradi. Dalaivala ankaiyendetsa pang'ono kutsogolo, n'kuibwezanso. Ndinakhala pawindo mtima uli m'malo, ndikuyamikira amalume kuti mawu aja andithandiza. Dzuwa linapendeka, injini anaizimitsa, dzuwa linalowa. Ndipamene mayi wina anandiuza kuti basi imeneyi ndi ya m'bandakucha, ndipo manje akamunena kawiri ndiye kuti mawa. Tinagona m'mipando momwemo. Pofika m'mawa foni yanga inali itazima, itatopa ndi kufunafuna netiweki ya kwathu, ndipo nambala ya a Tembo inali m'menemo. Potchajira pa mpando wanga panali bowo lokha, wina atamatapo chingamu. Sindinade nkhawa kwenikweni, popeza abusa anali atawauza kale a Tembo kuti andichingamire Lachinayi pa basi ya ku Chipata.

Pa Katete panakwera mtsikana wa msinkhu wanga, woonda, atanyamula chikwama cha mizeremizere, ndipo anakhala pambali panga. Mayi wina wonenepa amene anamuperekeza anazungulira n'kudzaima pawindo langa, namalankhula modutsa pamphuno panga.

"Wamva zimene nakuuza? Chilichonse akakamba uziti inde. Osatsutsa, osafunsa. Ntchito yamasiku ano njovuta kupeza. Wamva?"

"Inde, anti."

Basi itanyamuka ndinayesa kucheza naye. Ndinamufunsa ngati akupita ku Lusaka, anati inde. Ngati n'koyamba, anati inde. Ndinamupatsa mtedza wophika, analandira ndi manja awiri. Ine pakamwa sipanditopetsa, choncho ndinamufotokozera za amalume, za pasipoti, za kabichi, iye akungomwetulira. Dzina sindinamufunse, ndipo langa sindikumbuka ngati ndinamuuza.

Tinadutsa Petauke, pa Nyimba anthu anagula nthochi ngati kumene tikupita kulibe. Kenaka msewu unayamba kukhotakhota m'mapiri, kutentha kukukulirakulira. Tili pakati pa chitunda china tinamva phokoso ngati munthu wamenya chitseko ndi lamba, fungo la mphira linadzaza m'basi, ndipo tinaima.

Dalaivala anatsegula injini, anaiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mbuzi yake itadya chimanga cha eni, n'kulengeza kuti lamba waduka. Kondakitala anakwera lole yobwerera ku Nyimba kukagula wina. Tonse tinatsika kukafuna mthunzi, koma mitengo ya kumeneko inali itayoyola masamba, ndiye anthu akuluakulu ankakanganirana mthunzi wa basi yomweyo.

Kondakitala anabwera dzuwa lili pamutu, atanyamula lamba m'mwamba ngati wapha njoka. Tinaombera m'manja. Lambayo anali wamfupi. Dalaivala ndi kondakitala anatukwanana m'zinenero zingapo, kenaka kondakitala anakweranso lole ina.

Ndinkawerengera: tikagona pano, mawa ndi Lachisanu. Ndinaganiza za amayi, amene anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo akukaphunzira udokotala kunja. Ndinaganiza zobwerera pa Msundwe ndi thumba la mtedza lomwelo.

Bambo wina wa tayi anatulutsa Baibulo n'kuyamba kupempherera injini atasanjika dzanja, koma anachotsa msanga chifukwa inali ikutenthabe. Anapitiriza pempherolo dzanja lili m'khwapa. Lamba wachiwiri atafika n'kukwana, bamboyo anayenda mpando ndi mpando kutikumbutsa amene anapemphera. Kenaka kunapezeka kuti injini ikufunanso madzi, ndipo tinasonkherana a m'mabotolo athu. Mayi wina anapereka ndi thobwa, anamubwezera.

Ali mkati mothira madziwo, ndinamunong'oneza mnzanga uja kuti andiperekeze kuthengo. Tinatsetsereka pang'ono, iye anatambasula chitenje kunditchingira, kenaka ine ndinamutchingira. Ili nthawi yake iyeyo, tinamva injini ikulira ndi hutala. Dalaivala ankaopa kuti akaima pachitunda izimanso, choncho basi inali ikuyenda pang'onopang'ono, anthu akukwera chothamanga. Tinathamanga kukwera phirilo, chitenje chikuuluka m'manja mwanga, patapata wake m'modzi atamugwira kumanja. Kondakitala anatikokera m'kati ngati matumba. Titakhala pansi, wefuwefu, mtsikana uja anaseka mpaka kugwetsa misozi. Aka kanali koyamba kumva mawu ake enieni.

Pa mlatho wa Luangwa anthu anagula nsomba zouma, ndipo kuchokera pamenepo mpaka ku Lusaka tonse tinkanunkha mofanana.

Tinalowa mu Lusaka dzuwa likulowa. Pa depoti panali chipwirikiti choti Msundwe wa tsiku la msika ndi chibwana. Mnzanga uja anandisowa pomwepo. Ndikulimbana ndi katundu, ndinaona bambo wina wa kapusi atanyamula chikatoni cholembedwa ndi makala: M. BANDA. Mtima unagwa pansi ndi chimwemwe.

"Pepani bambo, kodi ndinu a Tembo?"

"Ee, ndine Tembo. Ndiwe Banda? Nakuyembekeza maningi!"

Ndinagwada pomwepo, pa simenti ya mafuta, pakati pa anthu, n'kuwapatsa moni wa mwana kwa kholo. Ndinawathokoza chifukwa cha mtima wawo wabwino, ndinapereka moni wochokera kwa abambo, kwa amayi, ndi kwa mpingo wonse. Bamboyo anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wina womuthandiza.

"Nyamuka iwe, bazakuponda. Tiye ku motoka."

Abusa anali atanena kuti a Tembo ndi munthu wachikulire, mphunzitsi wopuma. Awa ankaoneka a zaka zapakati ndipo m'galimoto mwawo munkalira nyimbo zosayenera mkulu wa mpingo. Ndinangoti anthu a m'tauni sakalamba msanga.

Tinaima pa geti lakuda. Panatuluka mayi wamtali wa wigi, foni ili kukhutu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anatsegula kachikwama n'kuwapatsa a Tembo ndalama. A Tembo anaziwerenga, anatsitsa katundu wanga, anakwera galimoto n'kumapita. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Mkazi kulipira mwamuna wake pageti, mwamunayo osalowa n'komwe m'nyumba!

M'nyumba ndinagwadanso n'kupereka thumba la mtedza. "Amayi akuti kangachepe, mukazingireko ana."

Mayiwo anakhala pansi. "Iwe wanibweretsela mphatso? Bonse bamene benze pano babwela chabe na manja, pochoka batenga masupuni yanga."

Ndinamva chisoni kuti pali ophunzira ena osayamika chotero, ndipo ndinalonjeza kuti ine sindidzatero.

"Chinyanja chako ni cha mu Baibo," anatero akuseka. "Sukulu unafika pati?"

"Ndinamaliza folomu 4, amayi. Ndinakhoza bwino ndithu."

"Ah! Ndiye uzayamba kuthandiza bana homuweki. Za ndalama tizakamba kumapeto kwa mwezi, nakamba kale na anti bako."

Ndinaganiza kuti akunena amayi busa, ndipo ndalamazo ndi zoti kwathu azithandizirako pa chakudya. Ndinati zimenezo ndi za akuluakulu, ine chilichonse chimene anagwirizana ndavomera. Mayiwo anandiyang'ana ngati atola chinthu pamsewu.

Anandionetsa khitchini, mopu, pogona ana awo awiri, ndi malamulo: kudzuka m'mamawa, osatsegulira geti munthu wosamudziwa, osaima ndi anyamata pampanda. Zonsezi zinali zofanana ndi za amayi anga, moti ndinamva ngati ndili kwathu. Chipinda changa chinali kuseri kwa khitchini, momwe munalinso tebulo lositira. Ndisanagone ndinalimba mtima.

"Nanga bambo sabwera kudzadya?"

"Badadi bali ku migodi ku Solwezi. Babwela kamodzi pa mwezi."

Bambo wina ku migodi, bambo wina wolipidwa pageti. Ndinakumbuka kuti za m'nyumba ya eni safunsafunsa, ndinalumikiza foni kumagetsi, n'kugona ngati mwala.

Lachisanu ndinadzuka kusanayere. Ndinasesa bwalo, ndinakolopa nyumba yonse, ndinatsuka mbale. Pansi pa sinki ndinapeza mapoto akuda bii, ndinawatengera panja n'kuwakwecha ndi mchenga mpaka ndinadzionamo nkhope. Ndinasambitsa ana, wamng'onoyo anandiluma pamkono, ndinawaveka yunifolomu, galimoto ya sukulu inadzawatenga. Mayi aja anadzuka n'kupeza tiyi ali patebulo. Ndinawamva akuimbira mnzawo foni kuchipinda: "Mwandi, napeza! Uyu sinizamutaya."

Ndinanyadira. Ndinati amayi akanamva.

Kenaka ndinasamba, ndinavala siketi yanga yakuda ndi bulauzi yoyera, nsapato zogogoda, n'kutenga envelopu ya masatifiketi. Ndinawapeza pabalaza atavala chovala chogonera ndi duku, akumwa tiyi.

"Amayi, ndimati mundilongosolere njira ya kukoleji. Akuti kalembera atseka masana."

Kapu inaima panjira. "Koleji ya chani?"

"Yopima magazi ija."

"Magazi ya ndani?"

Tinayang'anana.

"Iwe, sindiwe Misozi Banda wa ku Katete?"

"Ayi, amayi. Ine ndine Mphatso Banda wa kwa Msundwe."

"Msundwe ni kuti?"

"Ku Malawi."

"Malawi!" Kapu inatera patebulo. "Nanga mu nyumba yanga ufunamo chani?"

"Kodi inu si Mayi Tembo?"

"Ine ndine Mayi Mulenga! Tembo ni wa takisi! Nenze namutuma akanitengele wanchito!"

Ndinakhala pansi pa matailosi amene ndinali nditakolopa ndekha. Mayi Mulenga anayamba kuseka, anaseka mpaka duku linagwa, koma ataona kuti ine ndikulira anasiya. Ndinawafotokozera zonse mwachidule, za abusa, za malo amodzi aja, za masana. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, nkhope inasintha.

"Nambala ya ba Tembo bako uli nayo?"

Foni inali itadzaza. Ndinawerenga nambala, iwo anaimba pa foni yawo n'kundipatsa. Anayankha mawu a munthu wachikulire, odekha, a Chichewa chomveka bwino.

"Bambo Tembo, ndine Mphatso, wa ku Malawi uja."

"Mphatso? Mphatso tili naye pano, mwanawe. Tili pamzere wa kalembera."

"Ayi bambo, Mphatso ndine."

Kenaka ndinawamva akufunsa munthu wina pambali: "Mwanangu, kodi iwe si Mphatso?"

Ndipo kamawu kakang'ono kamene ndinakazindikira nthawi yomweyo kanayankha: "Inde."

"Dzina lako ndani?"

"Misozi."

Mayi Mulenga sanasinthe n'komwe zovala. Anangomanga chitenje pamwamba pa chogonera chija, anaponda masilipasi, n'kuimbira Tembo wa takisi. Atafika anamulandira ndi mawu.

"Unanibweretsela dokota, iwe! Sunafunse?"

"Madamu, pa katoni munakamba nilembe M. Banda. Uyu ni M. Banda. Ananigwadila na kunigwadila!"

Misewu ya mu Lusaka inali itadzaza. Tinkayenda pang'ono, kuima, kuyenda pang'ono, kuima. Ine maso anali pa kawotchi ka m'galimoto. Mayi Mulenga anatsitsa galasi n'kumakalipira madalaivala ena kuti apatuke, m'galimoto muno muli nkhani ya magazi. Ena ankapatukadi. Tembo anatidutsitsa m'tinjira ta m'makomboni, kudumpha ngalande, nkhuku zikuthawa.

Tinafika pakoleji mlonda akukankha kale chitseko cha holo ya kalembera. Mayi Mulenga anaikapo phazi la silipasi.

"Uyu mwana achoka ku Malawi, basi inafa mu mapili, ine namugwilitsa nchito kuseni konse. Ngati mufuna kumubweza, muyambe mwanibweza ine."

Mlondayo anayang'ana chitenje, anayang'ana chogonera chikusuzumira m'munsi, n'kutsegula. Bambo wa pa tebulo anapeza dzina langa, anaona masatifiketi, anadinda. Ndinalemba mothamanga moti siginecha imene ndinasaina tsiku limenelo sindinaibwerezenso.

Panja, pansi pa mtengo, ndi pamene ndinakumana ndi a Tembo enieni: bambo wa imvi woyenda ndi ndodo, ndi mayi wamfupi wa magalasi. Pakati pawo panaima mnzanga wa m'basi uja, atavala jekete yabuluu ya mwana wawo wamkazi, atakumbatira makope atsopano ndi mabolopeni.

Mayi Tembo anafotokoza mbali yawo. Anafika pa depoti mochedwa pang'ono, anaona mtsikana ataima yekha pafupi ndi basi ya ku Chipata, anamufunsa ngati ndi Banda, anati inde. Ngati ndi amene akudzakhala nawo, anati inde. Kunyumba anamuphera nkhuku, anamupatsa chipinda cha bedi ndi desiki. M'mawa atagwira tsache anamulanda, anati wophunzira ntchito yake ndi buku, n'kumupititsira tiyi kuchipinda.

"Abusa anu anatiuza kuti ndiwe wolongolola," anatero Bambo Tembo. "Ndiye usiku tinkauzana ndi amayiwa kuti kaya ku Malawi osalankhula amakhala otani."

"Nanga iwe sunadabwe?" Mayi Mulenga anamufunsa Misozi.

Misozi anayang'ana pansi. "Ninaona monga baniyesa, kuti baone ngati ndine waulesi. Sininagone pa bedi. Ninagona pansi."

Tonse tinaseka, ngakhale Tembo wa takisi. Mayi Mulenga anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kutembenukira kwa Mayi Tembo.

"Manje bamayi, sitingasiye chabe vamene vilili? Uyu wanu ananitsukila mapoto yamene nenze nafuna kutaya."

"Ndi mtedza wathu womwe mwalandira kale," anayankha Mayi Tembo, "ndiye tibwezereni mwana."

Kenaka Misozi anavula jekete ija, anaipinda bwinobwino n'kuipereka. Anandipatsa makope aja limodzilimodzi. Lomaliza analigwira kanthawi, akusisita chikuto chake ndi chala. Kuseka kunandithera. Tinakwera basi imodzi, tinathamangira limodzi phiri lija, dzina lathu limodzi, koma ine ndikupita ku desiki, iye ku kachipinda kositira. Bambo Tembo nawo anaona. Anamufunsa kuti sukulu analekera pati, ndipo atamva, anati kopelo asunge, Lamulungu masana azibwera kunyumba, iwo uphunzitsi sanauiwale. Anayang'ana Mayi Mulenga, amene anakweza mapewa n'kunena kuti Lamulungu n'lake, apite kumene afuna.

Akuluakulu ali mkati mopatsana manambala, Misozi anandikokera pambali. Aka kanali koyamba kuti ayambe yekha kulankhula.

"Mvela," ananong'ona. "Bakayamba kupempherela chakudya ba tate aba, sibasiliza. Uziyamba wadyako kanthu."

"Zikomo. Iwenso, kamwana kakang'onoko kamaluma posamba. Uziyambira kumiyendo."

Anagwedeza mutu mwaulemu ngati anamwino akusinthana pantchito, n'kukakwera takisi.

Madzulo a tsiku limenelo, Tembo wa takisi atabweretsa sutikesi yanga, tinakhala patebulo kwa a Tembo. Panali mpunga ndi nkhuku yotsala dzulo. Bambo Tembo anati titseke maso. Anathokoza chifukwa cha ulendo wanga, anapempherera makolo anga, abusa, koleji, Misozi, Mayi Mulenga ndi amuna awo ku migodi, madalaivala onse a pamsewu wa Chipata, maboma a mayiko athu awiri, odwala m'zipatala. Atafika pa mvula ya chaka chamawa ndinatsegula diso limodzi.

Mayi Tembo, maso ali chitsekere, ankatafuna pang'onopang'ono. Dzanja lawo linadutsa pansi pa tebulo n'kundigwiritsa nthochi yosenda kale.